Ku Mzuzu ndi njinga ya silinda imodzi

Lolemba

Ndafika ku Mzuzu kutada, zala zitauma ndi kuzizira, njinga ikukhosomola. Achemwali anga kuno ku Chibavi ananditenthetsera madzi osamba asanafunse n'komwe za kumudzi. Pano ndafunda bulangete, tiyi ali pambali, njinga tailowetsa pakhonde.

Njinga yake ndi Suzuki DR650: silinda imodzi, 644cc, magiya asanu, kabuleta imodzi. Ilibe madzi oziziritsa injini, imadalira mphepo ndi oyilo, ndipo ilibe kompyuta yoti uzikasakira munthu wa laputopu. Ndinaigula kwa mlendo wina amene anabwera nayo kuchokera ku South Africa, ulendo wake n'kudzathera ku Lilongwe. Kapangidwe kake sikanasinthe kwenikweni chiyambire 1996, ndipo ine ndinaikondera chomwecho.

Kuchoka ku Lilongwe mpaka ku Kasungu kunalibe nkhani. Chimene chimakusowetsa mtendere pa M1 ndi thanki, chifukwa mumalowa malita 13 okha. Ku Kasungu ndinapeza mzere wa magalimoto utafika kutali, petulo akuti abwera madzulo, ndiye ndinapitirira. Pofika ku Jenda ndinali nditatembenuza kale kampopi ka mafuta kupita pa rizevu. Ndinadzazitsa thanki kwa anyamata a zigubu, pafupi ndi amayi ogulitsa tomato ndi anyezi. Mtundu wa petuloyo unali bwinobwino, fungo lakenso.

Chikangawa ndimaikondabe ngakhale inatha. Nkhalango ya paini ya mahekitala 53,000, imene inadzalidwa poyembekeza fakitale ya mapepala yomwe sinamangidwe, lero malo ambiri ndi zitsa ndi timitengo tongodzala kumene, mapiri akutali akuonekera chifukwa chotchinga palibe. Chifunga chinandipeza nditangodutsa mphambano ya ku Mzimba. Ndiye pachitunda china injini inayamba makani. Ndikakoka moto imazengereza, kenako phu! phu! mu ekizozi, kenako n'kudzidzimuka n'kuthamanga. Ndikafinya kilatchi kuti ndisinthe giya imafuna kuzima.

Kuima m'chifunga pamsewu umene mathiraki a matabwa amatsika atalemedwa n'kudziputira ngozi, choncho ndinakankhira njinga m'kanjira ka m'nkhalango. Pansi pa kabuleta pali kambale kosungira petulo, ndipo pambali pake pali kasikuluwu kokhetsera. Ndinadula botolo la madzi akumwa, ndinatchera kunsi, n'kumasula kasikuluwuko. Petulo anatuluka, ndipo pansi pa botolo panakhazikika timadontho tozungulira tokana kusakanikirana naye. Madzi. Amalemera kuposa petulo, ndiye amatsikira pansi pa kambaleko, pomwe majeti, timabowo topitsa petulo kupita mu injini, amayamwira.

Kampopi ka njingayi kali ndi malo atatu: ON, RES ndi PRI. Awiri oyambawo amatulutsa mafuta pokhapokha injini ikulira, pomwe PRI amatulutsa nthawi iliyonse. Ndinaika pa PRI, ndinakhetsa mpaka madontho atasiya kuoneka, n'kubweza pa ON. Inalira, inayenda, koma ikangoima imazima. Pa rodibuloko yolowera m'tauni ndinayankha mafunso a apolisi dzanja lili pa moto, injini ikubangula, iwo akundiyang'ana mondikayikira.

Lachiwiri

Alamu anga anandiuza usiku za amisiri ena achikulire ku Luwinga, kwawo ku Dowa, amene anabwera kuno kalekale kudzakonza njinga za alangizi a zaulimi. Masiku ano ntchito yawo yambiri ndi ya akabaza. Tinapita m'mamawa, alamu pa kabaza patsogolo, ine m'mbuyo ndikuinyengerera yangayi.

Garaja yake ndi shedi ya malata, pansi pakuda bii ndi oyilo wa zaka zambiri, njinga za akabaza zili ndandanda, ma Lifo, ma King Lion, Boxer imodzi itachotsedwa tayala. Yanga itaima anyamata anasiya zogwira n'kuizungulira, mmodzi akufunsa ngati ili ndi mainjini awiri. Madalawo sanadzuke msanga. Anamaliza kumanga chimene amamanga, anapukuta manja, anabwera n'kugwada pambali pa injini.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Tadzuka, kaya inu achimwene. Iyitu ndi yomweyi ya anyamatawa, yangonenepa. Tailizani timve."

Ndinailiza. Ndi tchoko inkalira bwino, koma ndikabweza tchoko n'kusiya moto inkazima.

"Jeti yaing'ono yatsekeka," anatero. "Koma tiyambe ndi zapafupi. Sitingang'ambe munthu pamimba akudwala chimfine."

Tinayamba ndi mapulagi. Njingayi ili nawo awiri pa silinda imodzi yomweyo, zimene zinawaseketsa anyamata aja. Onse anali ndi mwaye wouma pang'ono koma moto ankathetheka bwino. Kenako sefa ya mpweya, imene ndi ya siponji: inali itamwa fumbi la ku Lilongwe mpaka kusintha mtundu. Siponji yotere umaichapa m'palafini, umaifinya m'manja osaipotokola chifukwa imang'ambika, umaiyanika, kenako umaipaka oyilo pang'ono n'kufinyanso. Oyiloyo ndiye amagwira fumbi. Siponji youma imaoneka yaukhondo koma fumbi limangodutsa n'kukapala silinda.

Thanki tinaichotsa n'kukhuthulira petulo yense m'beseni kudzera pa kansalu. Pansi panatsala madzi okwana kapu yaing'ono ndi timchenga. Mmodzi wa anyamata anayamba kutukwana ogulitsa m'zigubu kuti amathira madzi dala. Ine sindikuwaikira kumbuyo, koma nkhani yake ili ndi mbali ina. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Madzi akakhala ochepa amasungunukira momwemo n'kupsa osaonekera. Akachuluka amapatukana n'kukhala pansi. Chigubu chimene chagona panja m'nyengo ya chifunga, chivindikiro chosatseka bwino, sichilira kuti wina achithire madzi.

Kabuleta ndi ya Mikuni, ndipo imasiyana ndi za akabaza pa chinthu chimodzi. Za akabaza, kebulo ya moto imakoka yokha kachitsulo kotsegula njira ya mpweya. Iyi kachitsuloko kamakwezedwa ndi kukoka kwa injini, kudzera pa kachikopa kopyapyala ka labala komwe kali pamwamba. Madala anakatulutsa ndi zala ziwiri, anakayang'anitsa kumwamba kuona ngati kabooka, n'kukaika m'thumba la malaya kuti kasakhudze dothi. Apa mtima wanga unakhala pansi.

Jeti yaing'ono inalidi itatsekeka. Mnyamata wophunzira ntchito anabwera ndi singano.

"Iwe, bweza imeneyo. Jeti ndi ya mkuwa, singano ndi chitsulo. Ukakulitsa bowo abwanawa azingothira mafuta mpaka kalekale."

Anasenda waya wakale wa magetsi, anazula kaulusi kamodzi ka kopa, anakalowetsa mofatsa, anauzira ndi pakamwa, n'kundipatsa kuti ndisuzumire. Kuwala kunali kozungulira bwino. Titamanga zonse njinga inalira du-du-du payokha, osaigwira.

Ndinali nditavala kale chipewa pamene iwo anagwira tayala lakumbuyo ndi manja awiri n'kuligwedeza cham'mbali. Gwede, gwede.

"Mukupita nayo kuti?"

"Ku Livingstonia, kudzera ku Gorodi."

"Osati ndi bering'i iyi."

Lachitatu

Tsiku losaka masipeya. Mzuzu uli ndi mashopu a zanjinga ambiri kuposa momwe ndinkaganizira, katundu wambiri wolowera ku Songwe kuchokera ku Tanzania. Ndinazungulira kumsika waukulu, ku Taifa ndi m'timashopu ta m'mbali mwa depoti. Zonse zilipo, koma za njinga za msinkhu wa 125cc ndi 150cc.

Zina zimalowa. Kasefa ka petulo ka pulasitiki koonekera mkati, kamene amaika pa paipi pakati pa thanki ndi kabuleta, ndinagula tiwiri. Mababu, mafyuzi, zigamba ndi guluu wa chubu, zonsezi n'zimodzi. Koma tcheni ayi. Wogulitsa wina anandigwira dzanja: "Ilowa bwana, tcheni ndi tcheni." Yake inali 428, yanga ndi 525. Nambala yoyambayo imanena kutalika kwa mfundo imodzi: 4 ndi mamilimita 12.7, pomwe 5 ndi pafupifupi mamilimita 15.9. Mfundo za 428 sizingakhale pa mano a sipuloketi yanga ngakhale utaipempherera, ndipo zikanakhalapo, injini ya 650 ikanaidula tisanafike ku Ekwendeni. Zinthu zotere, tcheni, masipuloketi, sefa ya oyilo, kebulo ya kilatchi, chubu cha tayala lakutsogolo la mainchesi 21, ndi zimene munthu umanyamula pochoka kwanu.

Bering'i ndi nkhani ina, ndipo ndi yokoma. Ku shopu ya zanjinga ukatchula dzina la njinga amangopukusa mutu. Koma opanga njinga sapanga mabering'i awoawo, amagula a muyezo umene dziko lonse limagwiritsa ntchito, ndipo nambala yake imalembedwa m'mbali mwa bering'iyo. Madala anaigogoda yakale ija n'kuitulutsa, anaipukuta, n'kundituma nayo ku shopu ya zitsulo za zigayo ndi magalimoto. Ukati 6204, kulikonse akupatsa ya bowo la mamilimita 20, kunja 47, kunenepa 14, kaya ikukalowa m'njinga, m'pampu ya madzi kapena m'chigayo. Zilembo za kumapeto nazo n'zofunika. ZZ ndi yotchinga ndi timalata, 2RS ndi yotchinga ndi labala mbali zonse. Ya tayala loyenda m'matope ndi m'fumbi ikhale 2RS.

Mayi wa m'shopumo anatulutsa mitundu iwiri, ina mtengo wake kuwirikiza inzake, ndipo sanandibisire.

"Iyi ndi ya wilibala, achimwene. Ngati ndi yokwerapo munthu tengani iyi."

Ndinatenga yodulayo, ziwiri, chifukwa mabering'i a tayala limodzi amasinthidwa pamodzi.

Pomanga mpamene ndinaona kusiyana kwa mmisiri ndi womenya hamala. Mnyamata uja anali atanyamula kale hamala ndi chitsulo chosongoka. Madala anatumiza ketulo ya madzi owira kwa mayi wophika tiyi pafupi, n'kuthira pakati pa gudumu. Aluminiyamu akatenthedwa amafutukuka kuposa chitsulo, ndiye bowo limamasuka pang'ono. Anaika bering'i yatsopano, anasanjika yakale pamwamba pake, n'kumagogoda mozungulira pa mkombero wakunja wokha. Ukamenya mkombero wamkati, timipira timadinda mabala m'njira yake ndipo bering'i imayamba kufa isanayende n'komwe. Kapaipi kamene kamakhala pakati pa mabering'i awiriwo anakaika pamwamba pa chipewa changa kuti tisakaiwale.

Oyilo ndinamupeza mosavuta, wa 10W-40 wolembedwa JASO MA kumbuyo kwa botolo. Zilembozo ndimaziyang'ana chifukwa kilatchi ya njinga imasambira mu oyilo wa injini yemweyo, ndipo oyilo wina wa magalimoto ali ndi mankhwala oterera kwambiri amene amapangitsa kilatchi kuphonya pachitunda.

Madzulo alamu anandiyendetsa m'tauni wapansi, tikudya tchipisi cha pachiwaya. Iwo ndi a ku Ntcheu koma Chitumbuka amachiyankhula mpaka kuseka nacho. Akuti tauni yonseyi inayamba ndi esiteti ya mitengo ya tung m'ma 1940, ndipo inakhala mzinda mu 1985. Mphepo ya madzulo ano ndi yosayamba, ndagula chisoti cha ubweya pa kaunjika.

Lachinayi

Mavavu, tizitseko tolowetsa mpweya ndi kutulutsa utsi mu silinda, amayezedwa injini itazizira kotheratu, ndipo Mzuzu wa mwezi wa June amakuthandiza pamenepo. Njinga inagona ku garaja, m'mawa chitsulo chake chinkaluma m'manja.

Tinachotsa mpando ndi thanki, tinatsegula tizivindikiro tiwiri pamwamba pa injini, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kumasula pulagi kuti injini izizungulira mopepuka. Kumanzere kuli mabowo awiri otsekedwa, lalikulu lolowetsa sipanala yozunguzira, laling'ono losuzumirapo chizindikiro. Umazunguza pang'onopang'ono mpaka mzere wa T utafika pakati pa bowo. Mzerewo umabwera kawiri, chifukwa injini ya mtundu uwu imazungulira kawiri kuti iphulitse moto kamodzi. Woyenera ndi uja umene mavavu onse anayi atseka, timikono towakankha tikugwedera ukatigwira ndi zala. Tikakhala gwa, zunguzanso kamodzi.

Mpata wake: mavavu olowetsa, mamilimita 0.08 mpaka 0.13, otulutsa utsi, 0.17 mpaka 0.22. Manambalawa ndinawalemba ndi penti pansi pa mpando. Nditatulutsa feeler gauge, timapepala tachitsulo tija toyezera mpata, madala anaseka.

"Ine mavavu ndakhala ndikumanga inu musanayambe sukulu. Chala ndi khutu basi."

"Sindikukana, bambo. Koma tiyeni tingoona."

Anagwedeza kamkono kalikonse n'kunena kuti onse ali bwino, mwina imodzi mwa otulutsawo ingofunika kumangako pang'ono chifukwa ikugwedera kwambiri. Titayeza, olowetsa analidi bwino. Mwa otulutsa, imodzi inali pa 0.18, inzake pa 0.10. Ndiye kuti imene chala chinkaiona yabwinoyo ndi imene inali yothina, ndipo yogwederayo ndi imene inali pamalo pake. Chala chawo chinazolowera injini zazing'ono, zimene mpata wake ndi wochepa.

Vavu yomasuka imalira tiki-tiki-tiki, imasowetsa mtendere, koma siipha injini msanga. Yothina imakhala chete. Injini ikatentha chitsulo chimatalika, mpata umatheratu, vavu imalephera kukhala pansi bwinobwino pa mpando wake. Vavu yotulutsa utsi imataya kutentha kwake pokhudza mpandowo, ndiye ikasiya kukhudza imapsa m'mphepete. Mphamvu imachepa, m'mawa njinga imavuta kulira, mapeto ake umatsegula mutu wonse wa injini.

Madala izi amazidziwa, ndipo anandiuza chimene chimachitika. Wakabaza amabwera akudandaula kuti njinga ikusokosera. Ukamuikira mpata woyenera amati sunakonze, amapita kwa mnzako, amene amamanga mpaka phokoso lithe n'kulandira ndalama. Pakatha miyezi yemwe uja amabwera akukankha njinga.

Pomanga ndinawasiyira iwo. Pali kasikuluwu kosinthira mpata ndi nati yokhoma, ndipo ukamakhwimitsa natiyo kasikuluwu kamafuna kuzungulira nayo, mpata n'kusokonekera. Iwo anagwira kasikuluwu ndi kapulaya, anakhoma, tinayeza: 0.20 ndendende. Manja otero sagulidwa m'shopu, ndipo ine ndilibe. Chimene ndinabwera nacho ndi nambala chabe.

Kenako anabwereka timapepala tija n'kukayesa pa Lifo ya mnyamata wina imene inagona pomwepo. Ka 0.05 kanakana kulowa. Anaimasula, mwini wake atabwera anailiza kamodzi n'kulira, koma nkhope inagwa.

"Madala, nanga tiki-tiki ameneyu?"

"Ameneyo ndi wa ulele. Pita ukagwire ntchito."

Oyilo tinasintha injini itatenthako, malita 2.4 pamodzi ndi sefa yatsopano. Kumbuyo kwa sefayo kumakhala kamphete kakang'ono ka labala kamene kamakonda kumamatira ku sefa yakale n'kutayidwa nayo limodzi. Mulingo umauona pa kagalasi ka kumanja, njinga itaimitsidwa chilili, osati itatsamira pa sitandi. Oyilo wakale anyamata anagawana, akuti akapaka mitengo ya khola kuopa chiswe.

Lachisanu

Kuyesa njinga, ndinatsikira ku Nkhata Bay. Ndi makilomita osakwana 50 pa M5, koma umachoka pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kukafika kunyanja kumene sikufika 500. Ndinanyamuka nditavala majekete awiri. Pofika kumene minda ya chinangwa ndi nthochi imayambira ndinaima kuvula, thukuta lili kamukamu.

Potsika makona amenewa injini ya silinda imodzi imakugwirira ntchito ya buleki. Ukasiya moto uli m'giya yachitatu imadzigwira yokha, ndipo buleki yakumbuyo imapuma. Amene amatsika phazi lili pa buleki njira yonse amawiritsa mafuta a buleki, n'kudzaponda pa kona ina osapeza kanthu. Kusamala kwake n'kwakuti usatsitse giya mwankhanza, chifukwa pisitoni yaikulu chonchi imatha kumanga tayala lakumbuyo n'kulikwakwaza pa phula.

Kunyanja njinga inasanduka ina, kungogwira moto pang'ono yalumpha. Palibe chodabwitsa. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, ndipo injini imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 aliwonse amene wakwera. Kabuleta siidziwa kuti yakwera phiri, ndiye mafuta amachulukirako poyerekeza ndi mpweya, n'chifukwa chake mapulagi aja anali ndi mwaye. Ena amasintha majeti akamapita kumapiri. Kuno kumpoto, kumene m'mawa uli m'chifunga masana uli pamchenga, ungamasule kabuleta kangati? Ine ndimangoonetsetsa kuti sefa ya mpweya ndi yoyera.

Nkhomaliro inali kondowole ndi nsomba ya batala, ndikuyang'ana mabwato padoko. Kondowole ndimamulemekeza koma ndimadya pang'ono, chifukwa pambuyo pake maso amalemera.

Pobwerera ndinapatukira msewu wina wafumbi wolowera m'midzi ya m'munsi mwa mapiri a Kandoli, kufuna kumva mabering'i atsopano pa mabampu. Iwo anali bwino. Koma posakhalitsa kumbuyo kunayamba kuvina, ndipo nditaima ndinapeza msomali wa mainchesi atatu uli njo m'tayala.

Njingayi ilibe sitandi yapakati. Ndinaitsamiritsa pa sitandi yam'mbali, n'kuchirikiza mbali inayo ndi mtengo wa mphanda mpaka tayala litanyamuka. Ndikumasula nati, wakabaza wina anaima, wobereka thumba la makala.

"Achimwene, yatani?"

"Msomali, amwene."

Sanafunse ngati ndikufuna thandizo, anangotsitsa makala. Chovuta pa tayala lalikulu ndi kulimatula ku limu, chifukwa mlomo wake umakanirira. Iye anagoneka gudumu pansi, anaika phazi la sitandi ya njinga yake pa mlomo wa tayala, n'kuitsamiritsa ndi thupi lake lonse. Linamatuka kamodzi. Ndiye ndi zitsulo zotsegulira umaluma pang'onopang'ono, mbali ya kutsidya utaipondereza m'ngalande ya pakati pa limu kuti tayala lipeze mpata. Ukaona kuti pakufunika mphamvu zambiri, ndiye kuti kutsidyako kwatuluka m'ngalande, ndipo ukakakamiza utsina chubu.

Tinasiyana maganizo pa guluu. Iye anatulutsa machesi kuti ayatse guluuyo aume msanga, momwe amachitira ambiri. Ndinamupempha kuti tidikire. Umapala chubu, umapaka guluu wochepa, umadikira mpaka asiye kunyezimira ndi kumata chala, kenako chigamba, n'kuchitsindika kuyambira pakati. Podikirapo ndinayendetsa zala mkati mwa tayala lonse, chifukwa msomali nthawi zina umabwera ndi mnzake. Chubu tinachipopa pang'ono chisanalowe kuti chisapindike, tinapaka sopo m'milomo ya tayala, ndipo linabwerera mosavuta. Kupopa ndiye anagwira ana a m'mudzimo, molandizana, akukangana kuti wapopa kwambiri ndani, mpaka geji inafika pa 25.

Kanati ka pa vavu ya chubu sindikakhwimitsa mpaka pa limu. Wakabazayo anafuna kukamanga, ndinamufotokozera kuti tayala likamaterereka pa limu limakoka chubu, ndipo vavu yomasuka imapendekeka n'kukuchenjeza, pomwe yomangidwa imangozuka. Anayang'ana ya njinga yake, n'kuimasulako. Ndalama anakana, anangolandira ya fanta.

Ndinalowa mu Mzuzu magetsi atayaka, majekete onse awiri ali m'thupi.

Loweruka

Mvula yamawawa tsiku lonse, mu June. Sindinatuluke. Ine ndi mphwanga wa Sitandade 6 tinakhala pakhonde ndi masipanala.

Silinda imodzi imanjenjemera, ndipo chilichonse chomangidwa ndi bawuti chimamasuka m'kupita kwa nthawi. Tinayamba kutsogolo mpaka kumbuyo. Tinapeza bawuti ya chonyamulira katundu itatsala pang'ono kugwa, ndi nati ya pa batire itamasuka, imene ndi yoopsa pa njinga yopanda kiki. Masipoko ndinamupatsa mwanayo kuti aziwagogoda ndi sipanala: yolimba imati ting, yomasuka imati thu.

"Malume, iyi yati thu!"

Anapeza atatu, ndipo nkhani imeneyi waiuza kale nyumba yonse.

Tcheni tinaitsuka ndi palafini ndi mswachi wakale. Petulo ayi, amaumitsa timphete ta labala tosunga girisi m'mfundo. Tinaipaka oyilo wa giyabokisi, n'kuyeza kulendewera kwake pakati: mamilimita 30 mpaka 45. Akabaza ambiri amaikoka mpaka iti nga, koma njinga ya miyendo yaitali ikamira pa bampu tcheni imakokeka, ndipo yothina imakadya bering'i ya m'giyabokisi. Kebulo ya kilatchi yapadera ndaiyendetsa pambali pa inzake n'kuimanga, nsonga zake nditakulunga pulasitiki, kuti ikadzaduka ndidzangolumikiza.

Achemwali anatiphikira khofi wa konkuno. Alamu akuti ndi wowawa, amwa tiyi.

Lamulungu

Titaweruka ku tchalitchi ndinapita ku depoti kukalandira chubu chatsopano cha 17 chimene mnzanga wanditumizira pa basi kuchokera ku Lilongwe. Chachigamba chija ndachichotsa, chikhala chapadera. Chigamba chimapirira pa phula, koma pamiyala, mpweya utachepetsedwa, tayala limapindika kwambiri n'kutentha, ndipo sindikufuna kudzachiyesera pa kona ya phompho.

Mawa ndi Ekwendeni, Bwengu, kutsika Chiweta mpaka ku Chitimba, kenako Gorodi: makilomita pafupifupi 15 a miyala ndi makona 20 okhota kotheratu, kukwera kupita ku Khondowe kumene Robert Laws anasamutsira mishoni mu 1894. Pa makona otero giya yoyamba ya njingayi imathamanga kwambiri, umangokhalira kuseweretsa kilatchi mpaka itanunkha. Ndiye ndachotsa sipuloketi yakutsogolo ya mano 15, ndaika ya 14 imene ndinanyamula, n'kukokanso tcheni. Pa phula injini izilira mokwererako, koma pachitunda iziyenda pang'onopang'ono yokha. Mpweya wa matayala ndikachepetsera ku Chitimba, phula likatha.

Ndinadutsira ku Luwinga kukatsanzika, ndinawapeza madala atakhala panja pa shedi yotseka akumvera wailesi. Feeler gauge ndawasiyira, ndikagula ina ku Lilongwe. Anaitembenuza m'manja, anafunsa ngati manambala a Lifo ndi a Boxer ndi amodzi, ndinati tikafunse m'mabuku ake, ndipo tagwirizana kuti pobwerera ndidzawabweretsera atalembedwa papepala.

Kunyumba ndinapeza achemwali atamanga kale katundu wopita kwa apongozi awo ku Ekwendeni: thumba la ufa, nkhuku yamoyo, ndi ndowa yatsopano.

"Achemwali, iyi si lole."

"Akabaza amanyamula mbuzi ziwiri pa kanjinga kakang'ono. Yanuyi ndi ya 650, mwakhala mukutiuza sabata yonse."

Ufa ndaumanga pampando wakumbuyo, pafupi ndi msana, kuti kulemera kusakhale kumchira. Ndowa ikhala pamwamba pa chikwama. Za nkhuku tikambirana m'mawa.